Ndiyambe ndi RAM kapena SSD pa kompyuta yanga yaing'ono ya mu shopu?

Funso: Ndili ndi kashopu kotaipa, kusindikiza ndi kupanga fotokope ku Luwinga, ndipo makasitomala anga ambiri ndi ophunzira a pa yunivesite ya Mzuzu. Kompyuta imene ndimagwiritsa ntchito ndi Dell OptiPlex 3020, ija ya bokosi laling'ono lathyathyathya, yomwe ndinagula itagwirapo kale ntchito kwina. Ili ndi pulosesa ya Core i5, RAM ya 4GB ndi hard disk ya 500GB. M'mawa imachedwa kwambiri kuyaka, ndipo ndikatsegula Word, fayilo ya PDF ndi Chrome nthawi imodzi imangoti zii, kasitomala ali chiimire. Wina wandiuza kuti ndiike RAM ya 32GB, wina akuti ndigule NVMe, winanso akuti ndingoitaya. Ndalama ndili nazo zochepa. Ndiyambire pati? Ndine mayi wa ku Luwinga.

Yankho: Mayi, musaitaye kompyutayo, komanso musathamangire kugula chimene mwauzidwa, chifukwa malangizo awiri oyambawo, ngakhale anaperekedwa ndi mtima wabwino, sakugwirizana ndi makina amene muli nawo. Ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, gulani SSD (disiki yosungira mafayilo yothamanga kuposa hard disk) ya mtundu wa SATA, ya mainchesi 2.5, ilowe m'malo mwa hard disk yanu. Zikapezeka zina, onjezani RAM, malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, ifike 8GB. Ndifotokoza chifukwa chake ndatsogoza SSD, komanso malire amene bokosi lanulo linabadwa nawo, popeza malirewo ndi amene angakutetezeni kuti musawononge ndalama za bizinesi.

OptiPlex 3020 inatuluka cha kumapeto kwa 2013, ndipo inapangidwira maofesi akuluakulu amene amagula makompyuta ambiri nthawi imodzi, kuwagwiritsa ntchito zaka zingapo, kenako n'kuwagulitsa onse. Umu ndi momwe makina oterewa amafikira kuno kwathu, pamodzi ndi anzake a HP ProDesk ndi Lenovo ThinkCentre amene mumawaona m'mashopu ambiri a m'tauni. Ndi makina olimba ndithu, koma amene anawapanga sankaganizira munthu wofuna kumawonjezera zinthu chaka ndi chaka. Pa motherboard yake, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, pali mipata iwiri yokha ya RAM, mtundu wake ndi DDR3, ndipo mpata uliwonse umalandira mpaka 8GB, kutanthauza kuti denga lake ndi 16GB. Choncho 32GB ija singatheke, ngakhale mutakhala ndi ndalama zake m'manja. Mpata wa M.2, momwe NVMe (mtundu wina wa SSD) imalowa, mulibemo. Chipangizo chogawa magetsi m'kati mwake ndi cha mawati 255, ndipo pulagi yake yopita ku motherboard ndi ya Dell yokha, yosafanana ndi ya makompyuta wamba.

Musanagule kanthu, onani nokha kumene vuto lagona, chifukwa kompyutayo ikhoza kukuuzani. Tsiku lotanganidwa, pamene yayamba kuuma, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, kenako pitani pa Performance. Mudzaona mizere itatu yofunika: CPU (pulosesa), Memory (RAM) ndi Disk (disiki). Pa makina ngati anu, chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti CPU ili phee, sikugwira ntchito yolemetsa n'komwe, Memory yatsala pang'ono kudzaza, pamene Disk yakakamira pa 100% osatsika. Kanyali kakang'ono ka disiki kutsogolo kwa bokosi kamakhala kakuyaka osaphethira, ndipo mukayandikiza khutu mumamva kaphokoso ngati ka chiswe chikudya denga. Mukaona zimenezi, dziwani kuti pulosesa yanu ilibe mlandu, ikungodikira disiki.

RAM ndi disiki zimagwirira ntchito limodzi monga lichero ndi nkhokwe. Chimanga chonse chimakhala m'nkhokwe, koma chimene mukupeta pa nthawiyo chimakhala m'lichero. Lichero likakhala laling'ono, maulendo opita ku nkhokwe amachuluka, ndipo ngati nkhokweyo ili kutali komanso khomo lake ndi lovuta kutsegula, tsiku lonse limathera m'njira. Windows ikaona kuti RAM yadzaza, imayamba kusamutsira zina mwa zimene munatsegula ku disiki, n'kumazitenganso zikafunika. Ndi 4GB yokha, Windows 10 imadya gawo lalikulu musanatsegule chilichonse, Chrome imamaliza chotsala, ndipo maulendo a ku nkhokwe aja sathanso. Wina anganene kuti ndiye tiyambe ndi kukulitsa lichero, ndipo maganizo amenewo si olakwika kwenikweni. Koma RAM yambiri sifulumizitsa kuyaka kwa m'mawa, sifulumizitsa kutsegula Word koyamba, ndipo sithandiza pamene pulogalamu yoteteza ku mavairasi ikufufuza fulashi ya kasitomala. Zonsezi zimadalira disiki. SSD imachiza mavuto amenewa onse, ndipo imachepetsanso ululu wa RAM yochepa, popeza ulendo wa ku nkhokwe umakhala waufupi kwambiri.

Kusiyana kwake kuli m'kapangidwe. M'kati mwa hard disk yanu muli mbale zozungulira maulendo pafupifupi 7200 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda uku ndi uku kufunafuna pamene pali fayilo. Ikamawerenga fayilo imodzi yaikulu imatha kufika mamegabaiti 100 mpaka 150 pa sekondi, koma Windows siwerenga motero. Imafuna tizidutswa tambirimbiri tomwazikana, ndipo pa kachidutswa kalikonse kamkono kaja kayenera kusuntha ndi kudikira kuti mbale izungulire. SSD ilibe chilichonse choyenda. Ya SATA imafika mamegabaiti pafupifupi 500 mpaka 550 pa sekondi, koma phindu lake lalikulu lili pa tizidutswa tija, pamene imaposa hard disk maulendo makumimakumi. Palinso nkhani ya zaka. Ngati disiki imene muli nayoyo ndi yomwe inabwera ndi makinawo, yagwira ntchito zaka zoposa khumi, ndipo ntchito za ophunzira zimene mwasungamo zili pa chinthu chimene chingafe tsiku lililonse. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene disiki yagwira ntchito ndi thanzi lake. Ikalemba Caution ndi mtundu wachikasu, koperani mafayilo anu tsiku lomwelo, musadikire kuti SSD ifike.

Za kukula kwake, ndingakulangizeni ya 480GB kapena 500GB ngati thumba likulola. Ya 240GB kapena 256GB imakwananso pa ntchito yotaipa, chifukwa mafayilo a Word ndi PDF sadya malo ambiri, koma ya 120GB ndimaikana, popeza Windows ndi mapulogalamu zimaidzaza msanga, ndipo SSD yodzaza mpaka pakamwa imayamba kuchedwa. Musadabwe mukaona ya 500GB ikuonetsa 465GB. Opanga amawerengera m'zikwi pamene Windows imawerengera mu 1024, ndipo palibe amene wakuberani pamenepo.

Kumene mungaberedwe ndi kwina, ndipo pamenepa ndikufuna mukhale tcheru. Mwezi wina mnyamata wokonza mafoni anabwera kwa ine ndi SSD yolembedwa 1TB imene anagula motsika mtengo modabwitsa kwa wogulitsa wina. Windows inkaonetsa kukula komweko, koma akakoperamo zithunzi zambiri, zoyamba zinkayamba kukana kutseguka. Titamasula chikuto chake tinapeza kabolodi kakang'ono kosadzaza ngakhale theka la chikhatho, komatidwa ndi guluu, kopanda dzina la wopanga. Tinaiyesa ndi pulogalamu ya H2testw, imene imalemba disiki yonse n'kuwerenganso, ndipo zinaoneka kuti malo enieni anali ochepa kwambiri kuyerekeza ndi olembedwawo. Mnyamatayo anataya ndalama, komanso zithunzi za ukwati wa kasitomala wake, zimene zinandiwawa kuposa ndalamazo. Choncho gulani ya dzina lodziwika monga Crucial, Kingston, Samsung kapena WD, kwa wogulitsa amene angakupatseni lisiti ndi kuvomera kuti mubweze ikavuta, ndipo muiyese masiku oyambirirawo musanaikhulupirire. Mtengo ukatsika kuposa wa anzake onse, funsani chifukwa.

Tsopano za NVMe imene munauzidwa. N'zoona kuti imathamanga kuposa SATA, ndipo n'zoonanso kuti pali kakhadi kamene mungaiikepo n'kukalowetsa mu mpata wa makhadi wa pa motherboard wotchedwa PCIe. Vuto n'lakuti BIOS ya OptiPlex 3020, pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba kugwira ntchito mukangoyatsa, sidziwa kuyatsa Windows kuchokera pa NVMe, kotero ingangokhala yosungira mafayilo, pamene Windows yatsala pa disiki yochedwa ija. Alipo akatswiri amene amasintha BIOS kuti izi zitheke, koma magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, motherboard ikhoza kufa, ndipo sindingalole kuti kompyuta imene imadyetsa banja iikidwe pa chiswe chotero. Ndiponso pa Word ndi PDF simungaone kusiyana kwa SATA ndi NVMe ndi maso anu. Mukapita kogula nenani momveka kuti mukufuna SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, yooneka ngati kabokosi kathyathyathya, osati kandodo kakang'ono ka M.2.

Kuiika m'bokosi laling'onolo kuli ndi zake. Malo a disiki ndi amodzi, a mainchesi 3.5, m'kachikombole ka pulasitiki kabuluu pansi pa chowerengera ma DVD, ndipo mapulagi a SATA pa motherboard ndi ochepa, ogawidwa kale pakati pa disiki ndi chowerengera ma DVD chija. Ena amachotsa chowerengeracho n'kuikapo kachikombole kapadera kolandira disiki yaing'ono, koma muyenera kuyeza kaye kukhuthala kwake chifukwa tilipo ta mamilimita 9.5 ndi ta 12.7. Ine ndimakonda njira yosavuta: chotsani hard disk yakale, lumikizani SSD pa mawaya awiri omwewo, wa deta ndi wa magetsi, ndipo onetsetsani kuti wa deta uli pa pulagi yolembedwa SATA0. Ngati mwasowa kachitsulo koigwiriziza m'malo aakuluwo, tepi yomata mbali zonse kapena tizingwe ta pulasitiki timakwana, chifukwa SSD ndi yopepuka ndipo ilibe chozungulira; chofunika n'chakuti isakhudze fani. Hard disk yakaleyo, ngati ikadali ndi thanzi, iikeni m'kabokosi ka USB kokhala ndi pulagi yakeyake ya magetsi, muzikoperamo mafayilo kumapeto kwa sabata kudzera pa mabowo abuluu a USB 3.0 a kumbuyo, kenako muziichotsa ndi kuisunga m'kabati. Izi n'zofunika chifukwa SSD ikafa nthawi zambiri sichenjeza ndi phokoso ngati hard disk, ndipo kupulumutsa mafayilo pa SSD yakufa n'kovuta kwambiri.

Mudzafunsidwa ngati mukufuna kukopera Windows yakale yonse ku SSD kapena kuika yatsopano. Pa kompyuta ya m'nyumba kukopera kulibe vuto, ndipo pulogalamu ngati Clonezilla imachita zimenezo mwaulere. Koma yanu yalandira mafulashi a ophunzira mazanamazana, ndipo ndikukhulupirira kuti munakumanapo ndi vairasi ija imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha. Sindingakonde kuti zinyalala zimenezo zisamukire m'nyumba yatsopano. Ikani Windows yatsopano kuchokera pa fulashi ya 8GB kapena kuposerapo, ndipo muonetsetse kuti ndi ya 64-bit, chifukwa ya 32-bit siingagwiritse ntchito RAM yoposa 4GB ngakhale mutaiika. Fayilo yake imadya bandulo ya pakati pa 5GB ndi 6GB, choncho ikonzekereni. Musanachotse disiki yakale, lembani pa pepala makiyi a Office, sungani madalaivala a pulinta ndi sikana, mafonti amene mumagwiritsa ntchito pa makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, ndi mapasiwedi onse amene Chrome inkakukumbukirani. Anthu ambiri amakumbukira zimenezi Lolemba m'mawa kasitomala ali pakhomo. Poyatsa, F2 imakulowetsani mu BIOS, momwe muone kuti SATA yaikidwa pa AHCI, ndipo F12 imakulolani kusankha fulashi.

Tibwere ku RAM. Pa Task Manager pomwepo, pansi pa Memory, pamalembedwa mipata imene yagwiritsidwa ntchito. Ngati ndi umodzi mwa iwiri, muli ndi mwayi: kandodo kamodzi ka RAM ka 4GB kakukwanirani kuti mufike 8GB, ndipo tiwiri togwira ntchito limodzi timathamangitsa deta bwino kuposa kamodzi, zimene zimathandizanso zithunzi pa sikirini popeza makina anu amabwereka RAM yomweyo pojambula. Ngati mipata yonse ili ndi tindodo ta 2GB, ndiye kuti kena kayenera kutuluka, ndipo njira yabwino ndi kugula tiwiri ta 4GB. Komabe musadalire sikirini yokha. Tsegulani bokosi muone ndi maso, muchotse kandodo kamene kalipo, mupite nako kogula.

Pa kapepala komatidwa pa kandodoko pali mawu amene ndi ofunika kuposa dzina la kampani. Mukufuna kolembedwa PC3-12800U kapena PC3L-12800U. Nambala 12800 ikutanthauza DDR3 ya liwiro la 1600, ndipo chilembo chomalizacho ndicho chimasokoneza anthu ambiri. U ndi ya makompyuta a pa tebulo ngati yanu. S ndi ya laputopu, yaifupi, ya mapini 204 pamene yanu ili ndi 240. R ndi ya maseva, ndipo iyi ndi msampha weniweni, chifukwa imalowa bwinobwino mu mpata, imapezeka yotsika mtengo ndi manambala aakulu okopa, koma kompyuta yanu siingayake nayo. DDR4 ili ndi mapini 288 ndipo kamng'alu kake kali pamalo ena, kotero siingalowe. Wina akaikakamiza amathyola mpata. Mukapeza ya PC3-10600U idzagwira ntchito, kungoti tindodo tonse tidzatsikira ku liwiro la kochedwako. Safunsa anadya phula, mayi, choncho werengani kapepalako wogulitsa ali pomwepo, ndipo ngati n'kotheka nyamulani bokosi lonselo, si lolemera, akayesere pamaso panu. DDR3 yogwiritsidwapo kale ntchito ndilibe nayo mantha, popeza RAM siitha msanga ngati disiki, bola iyesedwe.

Kodi 8GB ikwana, kapena mufike pa 16GB? Pa kutaipa, kusindikiza ndi masamba ochepa a Chrome, 8GB pamodzi ndi SSD ndi yokwanira. Ngati mumapanga mabanala ndi makadi mu CorelDRAW kapena Photoshop, 16GB ili ndi phindu, ndipo pamenepo mugule tiwiri ta 8GB tofanana. Gwirani ntchito sabata ziwiri ndi SSD, muyang'anenso Task Manager nthawi ya mayeso pamene ntchito yachuluka, manambala akuuzeni okha.

Poika, zimitsani kompyuta, zulani waya ku khoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsala atuluke, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze china chilichonse. M'miyezi ya June ndi July kuno ku Mzuzu timavala majuzi a ubweya, ndipo zovala zoterezi zimasonkhanitsa timagetsi m'thupi timene simungatimve koma tingathe kuwononga RAM. Gwirani kandodo m'mbali, osakhudza mano ake agolide. Tsegulani tizitseko ta kumapeto kwa mpata, linganizani kamng'alu, kenako kanikizani ndi zala zazikulu ziwiri mbali zonse mpaka tizitsekoto titseke tokha ndi kaphokoso kakuti tha. Pamafunika mphamvu yoposa imene munthu amayembekezera koyamba. Mukayatsa n'kuona sikirini yakuda, batani loyatsira likuphethira mtundu wa lalanje, musachite mantha; kawirikawiri kandodo sikanakhale bwino, ndipo kukachotsa n'kukabwezera kumathetsa nkhani. Ikayaka ikhoza kulemba uthenga wakuti kuchuluka kwa memory kwasintha, umene si vuto. Mukatero dinani F12 poyatsa, sankhani Diagnostics, muisiye iyese RAM mpaka imalize. Bokosi likadali lotsegula, chotsani fumbi pa fani ndi burashi youma, ndipo ngati wotchi ya kompyuta imabwerera m'mbuyo magetsi akathima, sinthani kabatire kozungulira ka CR2032.

Pali chinthu chimodzi chimene RAM kapena SSD sizingasinthe, ndipo sindingakhale woona mtima nditachibisa. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna pulosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo pamodzi ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, pamene yanu ndi ya m'badwo wachinayi. Kompyutayo ipitiriza kuyaka ndi kusindikiza, koma chitetezo chake chidzanka chifooka, zimene si nkhani yaing'ono pa makina olandira mafulashi a anthu tsiku lonse. Linux Mint kapena Ubuntu, zimene mungaike m'malo mwa Windows, zimayenda bwino kwambiri pa makina otere ndipo vairasi ya ma shortcut ija siigwira kumeneko, koma yesani kaye ngati pulinta ndi sikana yanu zikugwirizana nazo, komanso ngati mafayilo a Word a ophunzira akutuluka osasokonekera masamba. Ichi ndi chifukwa china chimene ndatsogozera SSD: tsiku limene mudzagule kompyuta ina, SSD ya SATA mudzasamuka nayo, pamene DDR3 idzatsala m'bokosi lakale chifukwa makina atsopano amafuna DDR4 kapena DDR5. Pa chifukwa chomwecho, musaikemo ndalama za pulosesa ina kapena khadi ya zithunzi. Bokosilo limangolandira makhadi aafupi osadya magetsi ambiri, ndipo ntchito yanu siiwafuna.

Ndalama zimene mukanawonongera 32GB ndi NVMe, zikatsala, gulani UPS yaing'ono, bokosi la batire lopatsa kompyuta magetsi kwa kanthawi akathima. SSD siiopa kugwedezeka, koma magetsi akathima mwadzidzidzi ikulemba, fayilo imene inali yotsegula kapena Windows yeniyeniyo ikhoza kuwonongeka, ndipo nyengo ya mvula kuno imabwera ndi ziphaliwali. Lumikizani bokosi la kompyuta ndi sikirini zokha pa mabowo a batire, pulinta ya laser ndi makina a fotokope zikhale kwina chifukwa zimakoka magetsi ambiri potenthetsa ndipo zingailemetse. Mphindi zochepa zimene UPS imakupatsani n'zokwanira kusunga ntchito ya wophunzira amene watsala ndi tsiku limodzi kuti akapereke, ndi kuzimitsa makina mwadongosolo.